Mayunitsi 12 a insulin: yang'anani jakisoni musanabaye bambo

Mayi wina wa ku Ndirande wanditumizira imelo. Akuti bambo awo atuluka m'chipatala ndi kabotolo ka insulin, mankhwala a matenda a shuga, ndipo adokotala analemba kuti azibayidwa mayunitsi 12 m'mawa. Majakisoni amene anapatsidwa atha, ndiye agula ena, koma manambala ake ndi achilendo. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi jakisoni aliyense angagwire ntchito? Ndikuopa kuwapweteka bambo."

Achemwali, mwachita bwino kufunsa musanabaye. Ine ndakhala ndikubaya mayi anga kwa zaka zambiri, ndipo yankho langa ndi lakuti ayi, si jakisoni aliyense.

Tengani kabotoloko muwerenge. Mwina mupeza palembedwa U-100 kapena 100 IU/ml. Zikutanthauza kuti mu 1 ml muli mayunitsi 100, choncho kabotolo ka 10 ml kali ndi mayunitsi 1,000. Mayunitsi 12 a bambowo ndi 0.12 ml basi, timadontho tochepa kwambiri. Jakisoni wanu nayenso akhale wolembedwa U-100. Alipo ena olembedwa U-40, ndipo ngozi yagona pamenepo: mukakoka insulin ya U-100 mpaka pa 12 pa jakisoni wa U-40, mwakoka mayunitsi 30. Munthu akhoza kukomoka nawo amenewo. Majakisoni wamba a 2 ml kapena 5 ml aja musawayandikire n'komwe. Ngati amene mwagulawo salembedwa U-100, asiyeni. Nyamulani kabotoloko ndi buku la kuchipatala mupite nazo ku famase kapena ku kiliniki ya shuga ku Queens, akakusankhireni oyenera.

Timizere nato timasocheretsa. Pa majakisoni ambiri a 1 ml, kamzere kamodzi ndi mayunitsi 2, ndiye 12 ali pa kamzere koyamba mukadutsa 10. Pa a 0.5 ml kamzere kamodzi kamakhala yuniti imodzi. Werengani pamene pathera kalabala kakuda ka m'kati mwa jakisoni, mbali ya kusingano, mutakweza jakisoniyo molingana ndi maso anu. Ine ndimaima pa zenera chifukwa babu lathu siliwala mokwanira.

Sambani m'manja kaye. Ngati insulin yake ndi yoyera ngati mkaka, monga Insulatard kapena Mixtard, gubuduzani kabotoloko pakati pa zikhatho pang'onopang'ono mpaka isakanikire bwino. Osakhutchumula ngati thobwa. Ngati ndi yooneka ngati madzi, monga Actrapid, iyenera kukhala mbee, ikachita chimbuuzi musaigwiritse ntchito. Pukutani labala wa pamwamba ndi sipiliti. Kokerani mpweya mu jakisoni mpaka pa 12, muukankhire m'kabotolo, kenako zondotsani kabotoloko mukoke mankhwala. Mukaona kathovu ka mpweya, gogodani ndi chala kakwere pamwamba, mukatulutse n'kuyezanso. Kathovuko kamatenga malo a mankhwala, bambo n'kulandira ochepa. Bayani pamimba kapena pantchafu, muzisintha malo, ndipo dikirani masekondi angapo musanazule singano.

Kutentha kwa mu October kuno ku Blantyre kumaononga insulin. Kabotolo kosatsegula kamafuna filiji, pakati pa 2 ndi 8 °C, koma kasaume ngati ayezi. Magetsi akazima kapena ngati mulibe filiji, kaikeni m'kachitini kotsekeka bwino, mukakwirire mu mchenga wonyowa m'mtsuko, pamthunzi. Lembani pakabotolo tsiku limene mwatsegula, chifukwa pakatha milungu pafupifupi inayi mphamvu yake siikhalanso yodalirika.

Chinthu china chimene chimandidetsa nkhawa: bambo asabayidwe kenako n'kukhala ndi njala. Mukawaona akutuluka thukuta, akunjenjemera kapena akuyankhula zosamveka, shuga watsika. Ngati akutha kumeza, apatseni masupuni atatu aang'ono a shuga m'madzi, kenako chakudya. Ngati akomoka musawamwetse kanthu, thamangirani nawo kuchipatala. Ndipo 12 uja musamuonjezere kapena kumuchepetsa nokha. Muzilemba shuga wawo m'kabuku, adokotala ndiwo akasinthe akaona manambalawo.