IBM 7090 inkatha chiyani?

Achimwene, mwafunsa kuti makompyuta akuluakulu oyamba kugwiritsa ntchito matransista (tizipangizo tating'ono towongolera magetsi m'makina) ankatha chiyani. Ndikuyankheni ndi IBM 7090, yomwe inatuluka mu 1959. Inalowa m'malo mwa IBM 709 ya mavavu, machubu agalasi aja otentha ngati mbaula n'kumapsa pafupipafupi, ndipo liwiro lake linali lowirikiza pafupifupi kasanu n'kamodzi. Memori yake inali ya timphete ta maginito, yosunga magulu a manambala otchedwa "mawu" okwana 32,768, lililonse la mabiti 36 (biti ndi 0 kapena 1). Foni ya m'thumba mwanuyo ingaiseke, komatu NASA, bungwe la ku America loona za mumlengalenga, inkawerengera nayo njira za zombo zonyamula anthu mumlengalenga zotchedwa Mercury. Mapulogalamu, ambiri olembedwa m'chinenero cha makompyuta cha FORTRAN, ankabooledwa pa makadi, kakompyuta ka IBM 1401 n'kuwasamutsira pa tepi yoti 7090 iwerenge. Zotsatira mumazilandira papepala, mwina mpaka mawa lake.