Kwa mayi a ku Ulónguè amene mwana wawo anamatidwa dzino popanda makina

Mayi, funso lanu ndaliwerenga. Mwati munapita ndi mwana wa zaka 6 ku estomatologia, chipinda cha mano cha kuchipatala, dzino lakuchibwano litabooka, koma sanamubaye jakisoni, makina oboolera sanayatsenso. Anangopala m'bowomo ndi kachitsulo, n'kusakaniza ufa woyera ndi kamadzi, n'kumata, n'kudina ndi chala. Tsopano aneba akuti zimenezo n'zongoyembekezera, bola akanangozula. Ine ntchito yanga ndi ya mano, ndipo ndikukupemphani, dzinolo musakalizulitse.

Mmene mwafotokozeramu, chomwe anamatira ndi glass ionomer, pa khadi mwina alemba ionómero de vidro. Ufawo ndi galasi lopera kwambiri lokhala ndi fluoride, mankhwala oteteza mano kuti asawole, ndipo kamadzi kaja ndi asidi wotchedwa polyacrylic. Ziwirizi zikakumana zimauma zokha m'mphindi zochepa. Anazitulukira ndi Alan Wilson ndi Brian Kent ku London, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, choncho si chinthu chomwe akuyesera pa mwana wanu.

Chimene ndimachikondera n'chakuti chimagwirana ndi dzino lenilenilo. Chachitsulo chija, amalgam, sichimamatirira, ndiye pamafunika kusema ngakhale mbali yabwinobwino ya dzino kuti chikhazikike. Kuno ayi, timangochotsa chowola chofewacho basi, n'chifukwa chake ana ambiri samva kuwawa ndipo jakisoni safunika. Chikakhala m'dzinomo chimatulutsa fluoride pang'onopang'ono m'mbali mwa bowo, momwe kuwola kumakonda kuyambiranso, ndipo mwana akamatsuka ndi mankhwala a fluoride chimayamwanso wina. Komanso mwana wa zaka 6 sakhazikika pampando, malovu amangodzaza m'kamwa. Composite, choyera chinacho choumitsa ndi katochi kabuluu, chimafuna dzino louma gwa. Glass ionomer kachinyezi pang'ono amakapirira, ngakhale timatchingabe ndi thonje, pomaliza n'kupaka Vaseline kuti malovu asamulowe asanakhwime.

Njira yopala ndi manjayi imatchedwa ART, chidule cha Atraumatic Restorative Treatment, kutanthauza kumata dzino mosavulaza. Inayambira ku Tanzania m'zaka za m'ma 1980 ndi dokotala wa mano wa ku Netherlands, Jo Frencken, kenako inayesedwa ku Thailand ndi ku Zimbabwe, ndipo bungwe la WHO linailengeza mu 1994. Mu 2021 bungwe lomweli linaika glass ionomer pa mndandanda wa mankhwala ofunikira. Kwa ife amene tili ndi midzi ya ku Tsangano, Macanga kapena Chifunde, komwe munthu amayenda mtunda kuti apeze mpando wa mano wa magetsi, imeneyi ndi nkhani yaikulu. Zida zake zimakwana m'kachikwama. Amalgam nayenso ali ndi mercury, chitsulo chapoizoni, ndipo pangano la mayiko lochepetsa mercury la Minamata tsopano likuti asamagwiritsidwe ntchito pa ana osakwana zaka 15 ndi amayi oyembekezera kapena oyamwitsa, pokhapokha dokotala ataona kuti palibe kuchitira mwina.

Aneba anuwo pena akunena zoona. Glass ionomer salimba ngati chitsulo. Pabowo laling'ono la pamwamba potafunira amakhala zaka, koma bowo likakhala lalikulu, lofika m'mbali pakati pa mano awiri, amatha kubenthuka kapena kugwa. Akagwa si ndiye kuti dzino latha, mumangobwerera n'kukamatanso msanga zakudya zisanayambe kuunjikana. Ndipo ganizirani izi: mano akuchibwano a ubwana amagweluka mwana ali ndi zaka za pakati pa 10 ndi 12. Dzino limenelo likusungira malo lachikulire lomwe likukula pansi pake. Mukalizula lero, oyandikana nalo amapendekekera pagwerupo, lachikulire n'kudzasowa potulukira, n'kumera mopingasa.

Chinthu chimodzi mukafunse mukabwererako: dzino lomatidwalo ndi laubwana kapena lachikulire? Pa zaka 6 pamamera dzino lalikulu kumbuyo kwenikweni, popanda lina kugweluka, ndiye makolo ambiri amaliyesa laubwana n'kulilekerera. Zimandiwawa kuona ana a sitandade zoyambirira akulitaya, chifukwa limenelo likapita palibe lina lomera. Ngati ndi ilo, muzipita naye kukaonetsa ngakhale sakudandaula.

Pakhomo, tsiku loyamba ndiye lofunika kusamala, ngati simenti yapansi yongothira kumene yomwe sitipondapo msanga. Ola loyamba asadye kanthu, ndipo chimanga chokazinga, nzimbe ndi maswiti olimba ayambe wapewa mbali imeneyo. Azitsuka kawiri pa tsiku, makamaka pogona, ndi mankhwala ochepa ngati njere ya nsawawa, alavule koma asachukuche ndi madzi. Inuyo muzimuthandiza, dzanja lake silinafike pofikitsa mswachi kumbuyo. Shuga wa m'tiyi, mabisiketi ndi zakumwa zotsekemera zikhale za nthawi ya chakudya, osati zomangonyambita tsiku lonse.

Koma dzinolo likayamba kumudzutsa usiku, kapena mukaona kachiphuphu ka mafinya pa usinini, ndiye kuti kuwola kunali kutafika kale pa mtsempha, ndipo kumata kokha sikungathandize. Bwererani naye, musaike aspirin kapena mankhwala ena aliwonse m'dzinomo chifukwa amawotcha usinini. Tsaya likatupa mpaka kufika kudiso kapena pansi pa chibwano, thupi n'kutentha, thamangani naye kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale utakhala usiku.