Za dzina la Saoirse lija

Achemwali, mwafunsa ngati dzina la Saoirse ndilofala komanso kuti limatchulidwa bwanji. Ndi dzina la ku Ireland, limatanthauza ufulu, ndipo anthu anayamba kupatsa ana awo cha m'ma 1920 nthawi yomwe dzikolo limachoka m'manja mwa Britain. Kwawoko ndilodziwika ndithu koma kunja kwa Ireland ambiri analimva koyamba chifukwa cha Saoirse Ronan wamafilimu uja, ndiye sindikuona kuti mwana wanu angakapeze mnzake wa dzina lomweli mkalasi.

Pakatchulidwe ndi pomwe pali ntchito. Osawerenga momwe zilembo zaimira ayi. Ena amati "Siir-sha", ena "Ser-sha" ngati momwe Ronan amatchulira lake, zimatengera dera lomwe munthu wachokera ku Ireland komweko. "Se" wakumapetoyo ndi amene amamveka "sha".

Ineyo ndalikonda kwambiri, kungoti dziwiranitu kuti mwanayu azidzakonza anthu pafupipafupi, aphunzitsi akamaitana mayina azidzaima kaye akafika pa iye, kuchipatala azidzamuuza kuti alembe yekha. Ngati izi zikukudetsani nkhawa mpatseni dzina lachiwiri losavuta, koma kalembedwe ka Saoirse musakasinthe chonde.