Kodi hedi ya Prado ndiichotseretu isanang'ambike?

Talandira imelo kuchokera kwa bambo ena a ku Bembeke, m'boma la Dedza. Ali ndi Toyota Prado ya 1997, ya injini ya dizilo ya 1KZ-TE, yomwe yayenda makilomita pafupifupi 290,000. Amanyamulira mbatatesi ndi kabichi, ndipo kawirikawiri amatsikira ku Golomoti kudzera pa Khwekhwerere. Galimotoyo sinawirepo, madzi sakuchepa, koma makaniko wawauza kuti hedi (chigawo cha pamwamba pa injini chimene chimavundikira masilinda) za injini zimenezi zimang'ambika, ndiye kuli bwino kuichotseratu, kukaipala pa mashini ndi kuika gasiketi (chotsekera mpata pakati pa hedi ndi thunthu la injini) yatsopano vuto lisanafike. Akufunsa ngati avomere.

Bambo, musavomere msanga. Makaniko wanuyo sananame pa mbiri ya injiniyi, koma mankhwala amene akukupatsani si a matendawo. Chimang'amba hedi ya 1KZ-TE ndi kutentha. Hediyo ndi ya aluminiyamu, yakhala pa buloko (thunthu la injini) ya chitsulo, ndipo aluminiyamu ikatentha imafufuma pafupifupi kawiri kuposa chitsulo. Komanso dizilo amayamba kuyakira m'katimphika kamene kali m'hedi momwemo, pafupi ndi mavavu, pomwe mnofu wa hedi ndi wopyapyala. Malo amenewo akatentha mopyola ndi kuzizira, kutentha ndi kuzizira, amatopa n'kuchita mng'alu umene umakafika m'njira ya madzi. Kupala hedi sikuchotsa kutopa kumeneko. Kumangochepetsa mnofu, ndipo gasiketi ya ku fakitale imene yagwira bwino zaka zonsezi mumaisinthanitsa ndi ntchito ya manja yomwe ingathe kulakwika.

Musanamasule bawuti ngakhale imodzi, iyezeni injiniyo. Zina mungachite nokha pakhomo. M'mawa galimoto itagona usiku wonse, finyani paipi yapamwamba ya rediyeta. Iyenera kukhala yofewa. Ikakhala yolimba ngati tayala la njinga, ndiye kuti mpweya wa m'silinda ukulowa m'madzi. Injini ikadali yozizira tsegulani chivundikiro cha rediyeta, dzazani madzi mpaka m'khosi, lizani injini, muyang'ane. Tithovu tochepa poyamba si nkhani, koma totuluka mosalekeza ndi chizindikiro choipa. Za utsi woyera samalani pang'ono: m'mawa wa Juni ndi Julaye kuno ku Dedza galimoto iliyonse imatulutsa nthunzi kwa mphindi zingapo. Woopsa ndi umene sukutha injini itatentha, makamaka ngati polira injini ikuyamba ndi kunjenjemera silinda imodzi isanagwire. Musadalire kuona oyilo wosanduka ngati mkaka, chifukwa pa injini imeneyi mng'alu nthawi zambiri umakankhira mpweya m'madzi oyilo ali bwinobwino.

Zotsalazo ndi za ku galaja yokhala ndi zipangizo. Apope mpweya m'rediyeta kufika pa 1 bar, ausiye mphindi 15, muone ngati singano ikutsika. Pali mankhwala a buluu amene amaikidwa pakhosi pa rediyeta, omwe amasintha mtundu akakumana ndi utsi wa m'silinda. Kenako ayeze compression, mphamvu imene silinda imapanikizira mpweya, kudzera m'mabowo a ma heater plug. Buku la Toyota limafuna 31 kgf/cm² kapena kuposerapo, silola kutsika pansi pa 20, ndipo masilinda asasiyane kuposa 5. Zonsezi zikatuluka bwino, hediyo isiyeni pomwe ili, ndalama yanu ipite ku zoziziritsa injini.

Apa ndiye pali ntchito yeniyeni yoteteza. Rediyeta ya zaka zoposa 25 imene yakhala ikumwa madzi a pamjigo imakhala itatsekeka timachubu tambiri ndi mchere wa m'madziwo. Pamalo osalala simungadziwe, chimadzaulula ndi chitunda. Ichotseni, aitsegule ndi kuitsuka mkati, kapena mugule yatsopano ngati matanki apulasitiki ayamba kufiira ndi kuchita timing'alu. Tsukaninso matope ndi njere za udzu zimene zimaunjikana pakati pa rediyeta ndi condenser ya air con, malo amene anthu ambiri sayang'anako.

Chachiwiri ndi fani. Pakati pake pali chigubu cha mafuta a silicone amene amaigwiritsa mwamphamvu injini ikatentha. Mafutawo akatha, fani imaoneka ikuzungulira koma siikoka mphepo. Injini itatentha bwino, zimitsani, muikankhe ndi dzanja. Ikapitiriza kuzungulira yokha mopepuka, yatha. Yabwino mumaimva ikubangula pa chitunda. Mafutawo amagulitsidwa m'timachubu ndipo chigubucho chimatheka kuchitsegula n'kuthiramo, koma ngati chikudontha kapena chikugwedera, sinthani chonse.

Thermostat, kavavu kamene kamatsegulira madzi njira ya ku rediyeta injini ikatentha, ikhalepo, ya 82°C, yeniyeni. Chizolowezi choichotsa n'kutaya poganiza kuti injini izizizira bwino ndi choononga. Pa injini imeneyi thermostat ikatseguka imatsekanso njira yachidule ya madzi, ndiye ikachotsedwa madzi ena otentha amangozungulira m'injini osafika ku rediyeta, ndipo m'nyengo yozizira injini imachedwa kutentha. Chivundikiro cha rediyeta nachonso sinthani, mutenge cha nambala yofanana ndi yolembedwa pa chakalecho. N'chotsika mtengo, koma kwa inu n'chofunika kuposa kwa munthu wa kunyanja. Dedza ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, pomwe madzi opanda chowapanikiza amawira pa 95°C, osati 100°C. Chivundikirocho ndicho chimapanikiza madzi kuti asawire msanga, ndiye chikafooka, malire anu amachepa. Injiniyi imalowa malita pafupifupi 10: thirani theka coolant wosasungunula, theka madzi osungunulira batire (distilled water), muzisintha zaka 2 zilizonse. Madzi okhaokha amadya aluminiyamu m'njira za m'hedi. Wota pampu ndi mapaipi otupa musinthire limodzi ndi lamba wa timing, amene sitilola kuti apyole makilomita 100,000.

Ma injector, opopera dizilo m'injini, nawo ayezedwe. Yotha siipopera bwino dizilo, imadontheza, ndipo moto umaunjikana malo amodzi m'katimphika kaja. Utsi wakuda pokwera ndi chenjezo.

Geji ya pa dashibodi musaikhulupirire kwambiri. Singano yake imakhazikika pakati kwa nthawi yaitali, ikamayamba kukwera injini imakhala itatentha kale. Ikani geji ina ya manambala pa paipi yapamwamba. Pokwera Khwekhwerere mutanyamula katundu, tsikirani giya yamphamvu injini izilira momasuka cha pa 2,500 rpm, m'malo moipondereza pa giya yapamwamba, ndipo air con izime. Mukaona manambala akuyandikira 100, imani pambali, injini muisiye ikulira kuti madzi azizungulira. Osathira madzi ozizira m'injini yowira.

Koma ngati mayeso aja asonyeza vuto, musayembekeze kuti ifere panjira, chifukwa madzi akalowa m'silinda ambiri amapinda con rod, ndodo yogwira pisitoni. Injini izizire kotheratu. Mabawuti ndi 18, ndipo amamasulidwa pang'onopang'ono kangapo kuyambira kumapeto kulowa pakati. Hediyo ipite ku mashini, ku Lilongwe kapena ku Blantyre, akaiyeze ndi mpweya ili m'madzi otentha, popeza ming'alu ina imatseguka pokhapokha chitsulo chikatentha. Kupindika amayeza ndi rula yachitsulo ndi feeler gauge. Malire ake ndi 0.15 mm, ndipo kupyola apo Toyota amati hedi isinthidwe, osati ipalidwe. Yong'ambika kufika m'madzi musataye ndalama kuiwotcherera, sichedwa kubwerera. Mukagula yogwirapo kale, ikayezedwe musanalipire.

Pobwezera ndi pomwe ntchito zambiri zimaonongekera. Gasiketi za injiniyi zimasiyana makulidwe, ndipo yoyenera imasankhidwa poyeza ndi dial gauge mmene mapisitoni akutulukira pamwamba pa buloko. Makaniko akangoti "iliyonse ikwana", mufunseni kuti wayeza bwanji. Pankhope pa buloko pakhale poyera, popanda kupaka guluu aliyense. Mabowo a mabawuti awapukute mpaka pansi, chifukwa oyilo kapena madzi otsalira mmenemo amanamiza sipanala ndipo angathe kung'amba buloko. Ife timalangiza mabawuti atsopano, popeza amtunduwu amatamuka akamangidwa. Apakidwe oyilo pang'ono pa mazinga, amangidwe kuyambira pakati kupita kunja kufika 39 Nm, kenako iliyonse ikhotetsedwe madigiri 90, n'kubwerezanso ena 90. Musanayambe kukhotetsa madigiriwo, ikani kadontho ka penti kutsogolo kwa mutu wa bawuti iliyonse: pomaliza timadontho tonse tiyang'ane kumbuyo. Mpata wa mavavu injini ili yozizira ndi 0.20 mpaka 0.30 mm kolowera mpweya, 0.25 mpaka 0.35 mm ku ekizozi, ndipo umakonzedwa ndi ma shim, timbale tachitsulo tosiyana makulidwe.

Pothira madzi tsegulani heater mpaka kumapeto, yakumbuyo yomwe ngati ilipo, galimoto itayang'ana kumtunda, kuti mpweya wonse utuluke. M'sabata yoyamba muziyang'ana madzi m'mawa uliwonse injini isanalire, ndipo Khwekhwerere mukamuyese koyamba mulibe katundu.