Ndimafuna kuluma masaya a mwana wanga

Mayi wina wandilembera imelo. Akuti khanda lake likamaseka iye amakukuta mano, manja amayabwa kufuna kulifinya, ndiye akuopa kuti mwina ali ndi mtima wankhanza.

Mayi, mwandikhudza pachilonda. Mwana wa mng'ono wanga atabadwa ndinkamugwira tizala ta kumapazi, tofewa tija, iye n'kumatipinda m'dzanja langa, nsagwada zanga n'kulimba zokha. Ndinkamubweza msanga kwa mayi ake, n'kunamizira kuti mkono watopa. Sindinauze munthu. Ndikanayambira pati? Ngakhale kagalu kakang'ono kakamagwa poyesa kuthamanga, zimenezi zimandibwererabe.

Kale mu 1943 Konrad Lorenz, katswiri wa khalidwe la nyama, anafotokoza kuti mutu waukulu, maso akuluakulu ndi masaya otukuka zimadzutsa mwa ife mtima wolera. Koma nanga kuluma kukubwera bwanji? Mu 2015 Oriana Aragón ndi anzake a ku yunivesite ya Yale anaonetsa anthu zithunzi za makanda. Anapeza kuti amene ankamva kufuna kutsina kapena kufinya ndi amenenso mtima unkawakhazikika msanga patadutsa mphindi zochepa. Iwo anaziika m'gulu limodzi ndi kulira chifukwa cha chimwemwe. Mu 2018 Katherine Stavropoulos wa ku University of California, Riverside, anayeza mphamvu za magetsi mu ubongo ndipo anaona kuti khalidweli limayendera limodzi ndi mbali za ubongo zokhudza chisangalalo komanso kusefukira kwa mtima. Ofufuzawa akuganiza kuti ndi buleki: chikondi chikachuluka mpaka kukufooketsa, thupi limakubweza kuti uthe kusamala mwanayo.

Ine ndikukhulupirira zimenezi ndi mtima wonse, ndipo chimene chikundipweteka n'chakuti munthu wokonda mwana wake chotere akugona ndi mantha. Timawayang'anitsitsa amayi mopitirira muyeso. Akalira, akuti alibe mphamvu. Akatopa, akuti sakuyamika. Ndiye amabisa chilichonse, ngakhale chosaopsa, ndipo tsiku limene vuto lenileni lidzafike adzabisanso. Kumeneko ndiye koopsa, osati kukukuta mano.

Nanga mutani?

Mpsompsoneni, kufinyako mukuthere pa pilo. Khanda musamaligwedeze mwamphamvu, ubongo wake umavulala. Ngati chimene mukumva chikubwera ndi mkwiyo, kapena maganizo ofunadi kumupweteka, imeneyo ndi nkhani ina: mugonekeni pabwino, itanani wina, ndipo kaonaneni ndi azaumoyo tsiku lomwelo.