Geni ya ku Joni kwa munthu wa mphumu ndi ziwengo

Achemwali, uthenga wanu ndauona. Mwati mpamba mwaupeza ku banki mkhonde ndipo mukufuna kuyamba kukapikula katundu ku Joni, koma muli ndi mphumu, mtedza umakuwengani mpaka milomo kutupa, komanso Bactrim adakutulutsanipo zidzolo thupi lonse. Ndiye mukufunsa kuti geniyi imayenda bwanji, nanga munthu wotere angaikwanitse? Angaikwanitse ndithu. Mumsika wa Zomba muno alipo amayi amene amayenda ndi kampope ka mphumu m'thumba, katundu n'kumabwera naye bwinobwino. Kungoti inuyo simungayende mwachisawawa ngati anzanu amene amadya chilichonse cha pawindo la basi.

Njira yake ili chonchi. Mumayamba mwapita ku Blantyre, mtunda wosakwana makilomita 70, poti mabasi a ku Joni amanyamukira kumeneko. Mukadinditsa pasipoti ku Mwanza mumalowa Mozambique pa Zobue, kuwoloka Zambezi ku Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kudutsa Harare ndi Masvingo mpaka Beitbridge. Mukawoloka Limpopo ndiye Musina, kenako Johannesburg. Maola 30 amakwana osatsika kwenikweni, ndipo Beitbridge ikadzaza, makamaka mu Disembala, mumachezera pamzere. Pasipoti yathu amaipatsa masiku 30 popanda viza. Ambiri timaoda ku Dragon City ndi ku China Mall, misika ya katundu wopikula ya mu Johannesburg. Pobwerera katundu amakwera m'thirela, ku Mwanza a MRA n'kuwerengera msonkho, choncho malisiti musamataye. Za kusowa kwa randi chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, tidzakambirana pamaso, n'zazitali.

Musanagule tikiti, tengani buku lanu la kuchipatala mupite kuchipatala cha Matawale kapena cha Zomba Central. Pemphani adokotala alembe momveka, m'Chingerezi, kuti muli ndi mphumu, mtedza umakuwengani, ndipo simuyanjana ndi mankhwala a gulu la sulfa. Mawu akuti sulfawo awoneke bwino, chifukwa Bactrim ndi Fansidar ndi a banja limodzi, ndipo dokotala wa ku Tete kapena ku Musina sakudziwani. Tsambalo mulijambule pafoni. Mankhwala akhale m'mabokosi ake, osati omangidwa m'kapepala, kuti a paboda asakukayikireni. Amene amamwa ma ARV, a BP kapena a shuga azitenga opitirira ndi sabata yathunthu, poti basi imafa panjira ndipo katundu amachedwa.

Chomwe ndimakalipira aliyense watsopano ndi ichi: mankhwala sakwera m'thirela kapena kunsi kwa basi. Kumeneko kukatsekedwa kwatsekedwa, kondakitala sangamasule zingwe pakati pa tchire la Masvingo usiku chifukwa inu mwabanika. Timipope ta mphumu ta salbutamol tikhale tiwiri, kena m'kachikwama ka m'chiuno momwe muli pasipoti, kena m'chikwama cha m'manja. Ngati adakupatsani kena kogwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku koteteza, musakasiye poti mwatanganidwa. Pa kuyabwa ndi kuyetsemula ambiri amathamangira Piriton, koma ameneyu amagonetsa, ndipo kugona tulo tofa nato ndalama za mpamba zili m'chiuno si nzeru. Cetirizine sagonetsa kwambiri, ameneyo ndiye wa paulendo.

Koma mumvetse bwino apa. Mapilitsi amenewa ndi a zidzolo ndi kuyabwa basi. Milomo kapena lilime zikayamba kutupa, kukhosi kukuthina, mawu akusasa, mutu ukuzungulira, chofunika ndi jakisoni wa adrenaline msangamsanga. Basi iime, mupite kuchipatala chapafupi. Ku South Africa mukaimba 112 pafoni ya m'manja mumapeza thandizo. Kumeneko kumapezekanso jakisoni wa adrenaline wodzibaya wekha pantchafu, wogula ndi kalata ya dokotala. Ndi wodula, koma poti milomo idatupapo kale, ine ndikadakhala inu ndikadafunsa adokotala za ameneyo ndisanagule bulangete ngakhale limodzi. Ndipo basi isananyamuke, uzani kondakitala ndi amene mwakhala naye pampando za vuto lanu, muwaonetse pomwe pali kampope. Manyazi asiyeni kunyumba.

Nkhani ya chakudya ndiye yovuta, chifukwa njira yonseyi ndi ya anthu okonda mtedza ngati ife tomwe. Kwathu kuno ndiwo zotendera mumaziona ndi maso, mumadziwa kuti chisoso ichi chili ndi nsinjiro. Kunja msuzi wake simuudziwa. Ku Mozambique kuli matapa, chigwada chophika ndi mtedza ndi kokonati, nthawi zina amaikamo nkhanu. Ku Zimbabwe chiponde amachitcha dovi, ndipo amathira m'masamba, mumpunga, ngakhale m'nyama yofutsa. Kwa Apwitikizi mtedza ndi amendoim, mawu amenewo muwalembe pakapepala. Komabe musadalire kufunsa. Mayi wogulitsa akufuna ndalama, basi ikuimba hutala, adzangoti mulibe. Mwinanso sakunama, koma chipande chomwe waomolera nkhuku yanu ndi chomwe chachokera mumphika wa dovi.

Choncho kamba wa kunyumba ndiye wanu: mazira owiritsa, mbatata yootcha, nthochi, buledi, nkhuku yokazinga youma bwino. Nkhukuyo idyeni tsiku loyamba, kutentha kwa ku Tete sikusunga nyama. Zipatso ndi nyama zithe musanafike Beitbridge, a paboda amatha kulanda. Mukalowa South Africa zinthu zimapepukako, chifukwa lamulo lawo limakakamiza kuti zakudya za m'mapaketi zilembedwe ngati muli mtedza, mkaka, mazira, nsomba, soya kapena tirigu. Werengani, makamaka mabisiketi ndi chokoleti. Chovuta china ndi ulemu wathu womwewu. M'basi timagawana, wina amatsegula paketi n'kuyendetsa mpando ndi mpando, ndipo kukana kumaoneka ngati matama. Nenani poyambirira kuti mtedza umakuwengani, anthu amamva. Mnzanu wapampando akatulutsa mtedza wokazinga, m'pempheni mwaulemu adyere kwina.

Madzi imwani. Amayi ambiri amadzimana madzi poopa kuvutitsa dalaivala, n'kufika ku Joni mkodzo ukuotcha, mutu ukuwawa. Gulani a m'botolo lotsekedwa, mukumbukire kuti kolera ya 2022 mpaka 2023 idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo ku Zimbabwe nayonso idavuta pambuyo pake. Sopo ndi timapaketi ta Thanzi ORS sizilemera. Basi ikaima tsikani muwongole miyendo. Mapazi onse awiri kutupa n'zachizolowezi, koma mwendo umodzi ukatupa n'kumapweteka m'katumba, pitani kuchipatala.

Mphumu yanu idzayesedwa ndi nyengo. Ku Tete mu Okutobala kumapitirira madigiri 40, mukabwerera m'basi mukupeza mphepo yozizira ya makina, wina wadzipopera perefyumu. Johannesburg ili pamwamba, mamita oposa 1,700, ndipo mu Juni ndi Julayi m'mawa kumazizira kuposa ku Ku Chawe paphiri la Zomba, mpweya wake wouma wokanda kukhosi. Mu Seputembala ndi Okutobala mitengo ikamachita maluwa, a chimfine cha ziwengo amavutikanso. Juzi yokhuthala, mpango wophimba kukamwa ndi masiki zikhale pafupi. Malo ogona otsika mtengo amene timafikira amapoperamo mankhwala a nsikidzi pafupipafupi; mukamva fungo, tsegulani mawindo mudikire panja.

Pa katundu, maganizo anga ndi akuti musatengere zomwe anzanu akuoda. Mabulangete, makapeti ndi makatani amayenda malonda, koma polongedza ndi pomasula amatulutsa fumbi ndi ubweya, ndipo mudzakhala nawo m'nyumba mpaka athe. Maperefyumu ndi zodzoladzola ndiye musayandikire, kasitomala aliyense amafuna mumupoperere kaye. Inu yambani ndi mapoto, mbale, zikwama, zipangizo za foni. Msonkho ndi kulemera kwake muwerengere bwino, koma chifuwa chidzapuma.

Mukadwala muli konko masiku 30 n'kuyandikira kutha, tengani kalata ya kuchipatala ndipo muisunge, chifukwa wopitiriza masiku amamuletsa kulowanso kwa chaka kapena kuposerapo, geni n'kuthera pomwepo. Mukabwerako thupi likatentha, kayezetseni malungo, musangoti ndi kutopa. Ulendo woyamba ndikadakonda mupite mu Epulo kapena kumayambiriro kwa Meyi, kusanazizire, ndipo musapite nokha. Mukachoka kwa adokotala mudzere kumsika ndi buku lanulo, tidzaone limodzi kuti mungatsagane ndi ndani.