Mafunso Anu: Musanapite Kukabayitsa Jekeseni ya Makwinya

Makalata a mwezi uno ambiri akufunsa za jekeseni yochepetsa makwinya a pankhope, imene anthu amangoti Botox. Tasankhapo asanu ndi imodzi, ndipo akuyankha ndi madokotala a khungu amene amathandiza tsamba lino.

Mwana wanga akukwatiwa Loweruka la mwezi wamawa. Anzanga akuti ndikabayitse Lachinayi la sabata ya ukwatiyo kuti pa zithunzi ndisaoneke wa tsinya. Nthawi imeneyi ikwana? — Mayi wa mkwatibwi, Area 47, Lilongwe

Mayi, Lachinayi limenelo ayi. Mukatero mudzalowa mu holo tsinya lili pomwepo, mwinanso ndi kabanga kakuda pakati pa nsidze pamene singano inakhudza kamtsempha ka magazi.

Mankhwalawa ndi botulinum toxin, poizoni wochokera ku bakiteriya wotchedwa Clostridium botulinum, koma woyengedwa bwino ndiponso wochepa kwambiri. Pa khungu sachitapo kanthu. Ntchito yake ndi kutsekereza uthenga umene mtsempha umatumiza ku mnofu kuti ukokeke. Mnofu ukaleka kukokeka, khungu la pamwamba pake limaleka kupindika. Izi zimayamba kuoneka pakatha masiku 3 mpaka 5, zimafika pake pa tsiku la 14, ndipo zimakhala miyezi 3 kapena 4 mnofu usanayambirenso.

Ndiye werengani chobwerera m'mbuyo. Ngati ndi koyamba, bayitsani kutatsala masabata 4. Pa sabata yachiwiri mubwererenso kwa dokotala aone ngati nsidze zonse zakhala mofanana, chifukwa nthawi zina imodzi imakwera kuposa inzake ndipo imafuna mayuniti (muyeso wa mankhwalawa) 2 kapena 3 oonjezera. Zoonjezerazo nazo zimafuna masiku ake kuti zigwire.

Chinanso, imani pagalasi nkhope ili phee, osaseka, osakwinya. Mizere imene ikuonekabe pamenepo ndi yokhazikika m'khungu, ndipo jekeseni imodzi idzangoifewetsa, siidzaifafaniza. Imene imachoka bwino ndi ija imatuluka mukakwinya kapena mukakweza nsidze. Ngakhale mmene njirayi inatulukira zimasonyeza zomwezo: mu 1987 dokotala wa maso wa ku Vancouver, Jean Carruthers, ankabaya odwala amene zikope zawo zinkatsinzinika zokha, n'kuona kuti tsinya lawo likuthanso. Bungwe loyang'anira mankhwala ku America la FDA linavomereza Botox pa makwinya a pakati pa nsidze mu 2002, a m'mbali mwa maso mu 2013, ndipo a pachipumi mu 2017.

Ndimamwa aspirin tsiku ndi tsiku chifukwa cha vuto la mtima, komanso Brufen msana ukandivuta. Ndawerenga kuti ndisiye zonse kwa sabata. — Bambo wa zaka 56, Namiwawa, Blantyre

Bambo, mankhwala awiriwa musawaike m'thumba limodzi. Brufen, diclofenac ndi aspirin wongogula mutu ukawawa, amenewo mutha kuwasiya masiku 7 musanabayitse, chifukwa amachedwetsa magazi kuundana ndipo malo obayidwa amabiriwira msanga. Msana ukavuta m'sabatayo imwani Panado. Chimodzimodzi makapisozi a mafuta a nsomba, vitamini E, ginkgo ndi mapiritsi a adyo. Adyo wa m'ndiwo alibe vuto.

Koma aspirin amene anakulemberani dokotala wa mtima musasiye ngakhale tsiku limodzi popanda mawu ake. N'chimodzimodzi warfarin ndi clopidogrel, mankhwala ena oletsa magazi kuundana. Kubiriwira kumatha pa sabata imodzi kapena ziwiri, pamene magazi akaundana mu mtsempha wa mtima kapena wa ubongo ndi nkhani ina. Wobaya wodziwa ntchito mukamuuza, amagwiritsa singano yopyapyala kwambiri, amapewa timitsempha tooneka, ndipo akabaya amapanikiza ndi thonje kwa mphindi zingapo n'kuikapo ayisi wokulunga m'kansalu.

Pali mankhwala ena amene anthu saganiza n'komwe kuwatchula: jekeseni zopha mabakiteriya za gentamicin, amikacin ndi streptomycin. Mankhwala a gulu limeneli amafooketsa uthenga wa pakati pa mtsempha ndi mnofu, ndiye amawonjezera mphamvu ya toxin. Ngati mwalandira kumene, nenani, tsiku lisinthidwe. Njira yosavuta ndi kutenga buku lanu la kuchipatala ndi mapaketi a mankhwala onse amene mukumwa, ma ARV, a shuga, a BP ndi azitsamba omwe, n'kuwayala patebulo.

Tsiku lenilenilo ndipite bwanji? Ndimavala wigi yomata ndi guluu, ndipo sindituluka m'nyumba osadzola phoda. — Mtsikana wa ku banki, Lusaka

Achemwali, tsiku limenelo phoda apume. Pitani nkhope yosamba ndi sopo wamba, yopanda zodzola, chifukwa singano ikadutsa pa phoda imalowetsa litsiro m'khungu. Wigi yomata vulani dzulo lake ndipo guluu achoke yense. Dokotala amafuna kuona chipumi chonse mpaka pamene tsitsi layambira, komanso wigi yokoka imanyamula nsidze n'kumunamiza za pamene zimakhala. Ngati mukufuna kuluka kapena kukhala mu dulaya ku saluni, chitani kutatsala masiku awiri kapena atatu. Duku kapena kansalu kothina pachipumi musavale mpaka mawa lake.

Mowa siyani maola 24 musanapite. Mafuta a retinol kapena tretinoin, zokhula nkhope, ndi kuzula nsidze, siyani masiku 3. Idyani kaye musananyamuke. Amene amachita chizungulire pampando nthawi zambiri ndi amene abwera ndi njala ndi mantha. Ngati pamalo obayapo patuluka chiphuphu cha mafinya kapena chilonda, kapena thupi latentha, imbani foni musinthe tsiku.

Kubayako sikupitirira mphindi 15. Pamatuluka timatuza ngati polumidwa ndi udzudzu, timene timaphwa ola lisanathe. Mukatuluka musagone kwa maola 4, musatikite pamalopo, ndipo jimu ndi kuthamanga zidikire mawa.

Pali mayi wina amalengeza pa WhatsApp kuti amabaya Botox kunyumba kwake pa mtengo wochepera theka la wa ku kiliniki. Anzanga awiri anapita ndipo ali bwinobwino. Cholakwika n'chiyani? — Wowerenga wa ku Randburg, Johannesburg

Funso limeneli ndiye mutu wa kukonzekera konse, kuposa za aspirin ndi phoda. Kuti anzanu ali bwino sizikutiuza chimene chinali mu sirinji.

Botulinum toxin ndi mankhwala olembedwa ndi dokotala. Kumene muliko, dzina la wobaya lifufuzeni m'kaundula wa HPCSA, bungwe lolembetsa madokotala ku South Africa. Ku Malawi madokotala amalembetsa ku Medical Council of Malawi, ndipo mankhwala amayang'aniridwa ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Ku Britain amafunika kulembedwa ndi munthu wololedwa kulemba mankhwala, ndipo ku England kuyambira mu Okutobala 2021 ndi mlandu kubaya mwana wosakwana zaka 18 pofuna kukongoletsa. Abodza alipo ndithu: mu 2024 akuluakulu a zaumoyo ku America anachenjeza za Botox wachinyengo anthu atagonekedwa m'zipatala m'zigawo zingapo, ambiri atabayidwa m'nyumba ndi m'malo okongoletsera.

Mukafika, pemphani kuona kabotolo kasanatsegulidwe. Botox weniweni, wa kampani ya Allergan imene tsopano ili pansi pa AbbVie, amabwera m'kabotolo kooneka ngati kopanda kanthu, kaufa kake kamangokhala ngati nkhungu pansi. Amamusungunula ndi madzi a mchere a kuchipatala. Onani dzina, nambala ya gulu ndi tsiku lotha ntchito, ndipo nambalayo ilembedwe m'fayilo yanu. Sirinji yodzaza kale yotuluka m'chikwama ikaneni. Funsaninso kumene amasunga: Botox ndi Dysport (botulinum toxin wa kampani ina) amafuna firiji ya madigiri 2 mpaka 8, ndiye kumalo kumene magetsi amathimathima funso la jenereta kapena sola si lachipongwe.

Kenaka funsani mayuniti. Muyeso wolembedwa wa Botox ndi mayuniti 20 pakati pa nsidze, m'malo 5, mayuniti 4 pamalo alionse; 24 m'mbali mwa maso, 12 mbali iliyonse; ndi 20 pachipumi. Dokotala amatha kuchepetsa kapena kuwonjezera poona mphamvu ya minofu yanu, ndipo abambo kawirikawiri amafuna ochulukirapo. Mayuniti a Dysport ndi ena: pakati pa nsidze pamapita 50, ndiye musayerekeze mitengo pongomva nambala. Mtengo ukatsika kwambiri, kawirikawiri mankhwala achulukitsidwa madzi, akhalitsa atasungunulidwa, kapena si enieni. Oyamba awiriwo amangokudyerani ndalama, tsinya n'kubwerera pakatha mwezi. Achitatuwo palibe amene akudziwa mphamvu yake.

Wobaya amene sanakufunseni za matenda anu, mankhwala amene mukumwa, ngati muli ndi pathupi, komanso sanakuuzeni kuti mukwinye, museke, mukweze nsidze iye akuyang'ana ndi kulemba timadontho, ameneyo sanakuyezeni. Ndipo dziwani zizindikiro izi musanabayitse kulikonse: kuvutika kumeza, mawu kulemera, kuona zinthu ziwiriziwiri, kufooka thupi lonse, kubanika. Zitha kubwera pakatha maola kapena masabata. Zikatero thamangirani kuchipatala chachikulu, osati kwa wobaya uja, ndipo kanene zimene munabayitsa.

Vuto langa ndi mizere yochokera m'mbali mwa mphuno kutsikira kukamwa. Ndakhalanso ndikudzola mafuta oyeretsa khungu kwa zaka 4. Botox andithandiza? — Mayi wa ku Leeds

Mayi, pa mizere imeneyo Botox si mankhwala ake. Imabwera chifukwa mafuta a m'masaya achepa n'kutsika, osati chifukwa mnofu ukukoka. Kwa ife a khungu lakuda zimakonda kuyamba choncho: timakwinya ting'onoting'ono timachedwa, koma masaya amayamba kugwa. Chimene angakuuzeni ndi filler, mankhwala onga phala loonekera amene amadzaza pansi pa khungu. Odziwika ndi a hyaluronic acid, monga Juvéderm ndi Restylane, ndipo amakhala miyezi 6 mpaka chaka kapena kupitirirapo.

Kukonzekera kwake n'kokhwimirapo. Musakonzetse kapena kutsukitsa mano masabata 2 musanabayitse ndi masabata 2 mutabayitsa, chifukwa tizilombo ta m'kamwa titha kukakhazikika pa filler. Ngati mumatuluka zilonda za pamilomo zija zimabwera munthu akadwala malungo kapena chimfine, nenani. Singano imazidzutsa, ndipo dokotala amapereka aciclovir woyamba kumwa tsikulo lisanafike. Ngati muli ndi zipsera zotukuka, monga zija zimamera pakhutu pobooledwa, muonetseni.

Ngozi yaikulu ya filler ndi kulowa mu mtsempha wa magazi n'kuutseka, ndipo m'mbali mwa mphuno ndi amodzi mwa malo oopsa. Khungu limatha kufa, ndipo mwa apo ndi apo munthu amachita khungu m'maso. Mabuku ambiri amati pamalopo pamayera, koma pa khungu lakuda pamangotuwa ngati phulusa kapena kuchita mawangamawanga, ndi ululu wopitirira wa singano. Mankhwala osungunula filler wa mtundu umenewu ndi hyaluronidase, ndipo amafunika m'maola ochepa. Funsani musanakhale pampando: "Hyaluronidase muli naye pompano?" Akati akaitanitsa, nyamukani. Filler amene amati sadzatha, monga silikoni, sasungunuka ndi chilichonse.

Za mafuta oyeretsawo musabise, ngakhale zili zochititsa manyazi kunena. Ambiri amakhala ndi clobetasol kapena betamethasone, amene amapyapyalitsa khungu, kuonetsa timitsempha ndi kuchedwetsa chilonda kupola. Khungu lotero limabiriwira msanga ndipo limasiya mabanga akuda okhalitsa miyezi. Musawasiye mwadzidzidzi sabata ya jekeseni, chifukwa nkhope imatha kufiira ndi kutuluka ziphuphu. Tengani chubu chake mukaonetse dokotala wa khungu akuthandizeni kusiya pang'onopang'ono, filler abwere pambuyo.

Mkulu wanga atabayitsa, chikope chimodzi chinagwa kwa mwezi wathunthu. Ine ndikufuna kubayitsa koma ndikuyamwitsa mwana wa miyezi 5. — Wowerenga wa ku Mzuzu

Achemwali, dikirani mwana aleke kuyamwa. Mankhwalawa sanayesedwe mokwanira pa amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, ndipo dokotala wosamala sabaya pa nthawi imeneyi pa chifukwa cha makwinya chabe. Enanso osayenera kubayitsa ndi odwala matenda ofooketsa minofu monga myasthenia gravis, ndi amene thupi lawo linakanapo mankhwalawa. Dysport saperekedwa kwa amene thupi lawo limadana ndi mapuloteni a mkaka wa ng'ombe.

Zimene zinachitikira akulu anu zimabwera m'njira ziwiri. Yoyamba, mankhwala obayidwa pakati pa nsidze amasefukira ku kamnofu kamene kamatukula chikope. N'chifukwa chake singano iyenera kukhala sentimita imodzi kapena kuposa pamwamba pa fupa la diso, ndipo n'chifukwa chake timaletsa kutikita. Zikachitika zimatha zokha pakapita masabata angapo, ndipo madontho a m'maso a apraclonidine amakweza chikopecho pang'ono podikira.

Yachiwiri si chikope koma nsidze yonse kutsika. Mnofu wa pachipumi ndi wokhawo umene umakweza nsidze, ndipo anthu ena, makamaka opitirira zaka 50, amaugwiritsa ntchito tsiku lonse osadziwa kuti anyamule zikope zolemera. Mukaufooketsa, chipumi chimasalala koma maso amaoneka atulo. Dziyeseni nokha: tsinzinani pagalasi, masulani nkhope, gwirani chipumi ndi chala kuti chisayende, kenaka tsegulani maso. Ngati zikope zikulemera mpaka mukufuna kukweza nsidze kuti muone bwino, kamuuzeni dokotala zimenezo. Adzachepetsa mayuniti a pachipumi, kubaya m'mwamba masentimita 2 kapena kuposa kuchokera pa nsidze, kapena kusiya chipumicho n'kubaya pakati pa nsidze pokha.